Ng'ombe Imene Kompyuta Inkaidula Pakati

Loweruka lililonse masana tinkakumana pakhonde la nyumba ina ku Chilomoni, anthu atatu kapena anayi, aliyense laputopu yake pamiyendo. Tinkapanga pulogalamu yozindikira mawu a Chichewa olembedwa molakwika. Inali ntchito yongodzipereka, ndipo khodi yake, kutanthauza malangizo amene timalembera kompyuta, inali poyera pa intaneti kuti aliyense wofuna aikonze kapena awonjezerepo. Chovuta chinali kupeza anthu. Munthu ankabwera kawiri, katatu, kenako zii.

Eni nyumbayo anali amayi achikulire amene anagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina ku Limbe mpaka kupuma. Mwana wawo wamkazi anali m'gulu lathu, ndipo atapeza ntchito ku Lilongwe, amayiwo anati tizibwerabe. Ankakhala pakona n'kumaluka juzi, khutu lili kwa ife.

Tsiku lina kunachita chiperoni, nkhungu yozizira ija. Phiri la Michiru linasowa, mipanda ya anansi inasowa, khondelo linangokhala ngati likuyandama mu utsi woyera. Anzanga anaopa kuzizira, ndinabwera ndekha. Ndili mkati moyesa pulogalamu ndi kandime kena, amayi anasuzumira paphewa panga.

"Nanga mzere wofiirawo pansi pa ng'ombe? Ng'ombe yalakwanji?"

Nditayang'anitsitsa, ndinapeza kuti zimene tinasintha sabata yapitayo zinabweretsa vuto. Pulogalamu inkadula mawuwo pa kachizindikiro kam'mwamba kaja, n'kumayesa kuti ndi mawu awiri, ng ndi ombe. Vutolo ndikanalikonza ndekha madzi a tiyi asanawire. Koma sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinangowasunthira laputopu.

"Amayi, mukonza ndinu."

"Ine? Iii mwananga, ine ndimadziwa taipilaita basi."

"Zala zake n'zomwezo, amayi."

Anaika juzi pambali, n'kupukuta magalasi awo ndi nsonga ya chitenje.

Zinatitengera masabata atatu, chiperoni chikungobwerabwera. Ankataipa osayang'ana pansi, zala zikungothamanga ngati mvula pamalata, koma asanadine batani lililonse lachilendo ankayamba alemba m'kope lawo kuti limachita chiyani. Ine manja ankandiyabwa, moti ndinkachita kuwakhalira kuti ndisawalande laputopu. Sabata yachiwiri anafufuta kachizindikiro kamodzi mwangozi, mawu onse pasikirini anangoti psuu, kufiira.

"Mayo, ndaipha!"

"Siifa, amayi. Imakumbukira mmene inalili m'mawa uja. Tibwerera pomwepo."

Titabwezeretsa, anayang'ana kumene kunayenera kuoneka phiri. Kenako anandiuza kuti ku ofesi kuja, ukalakwitsa chilembo chimodzi pansi penipeni pa kalata ya abwana, pepala lonse linkapita m'dengu la zinyalala, n'kuyambiranso. Zaka zonsezo ankataipa mtima uli m'mwamba.

Atakonza, tinatumiza ntchito yawo kwa mnzathu amene ankaunika zonse zisanalowe mu pulogalamu, mayi wa ku Bangwe amene ankachita maphunziro kunja, kudziko lozizira kumene dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Anayankha kuti zili bwino, koma pakufunika mawu ena oyesera kuti vutolo lisadzabwererenso. Amayi achikulire aja anatsinzina n'kuyamba kutchula pang'onopang'ono ngati akuimba: ng'oma, ng'ona, ng'anjo, kung'ung'udza, kung'anima, mng'ono. Mawu ena ndinali nditawaiwala kalekale. Ndinawamva akutsika m'nkhungumo limodzilimodzi, ena ndi mawu a anthu amene anatisiya.

Ntchito yawo inalandiridwa, dzina lawo n'kulowa pa mndandanda wa anthu amene anathandizapo. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipempha kuti ndilijambule pafoni, atumizire mwana wawo.

Patatha mwezi ndinapeza pakhonde pali amayi ena awiri ochokera ku Zingwangwa, anzawo amene ankataipa nawo limodzi kale. Sindinaphunzitse ine tsiku limenelo. Ndinangopita kukatereka madzi, ndikuwamva eni nyumba aja akufotokozera anzawo mofatsa, ndi zitsanzo zimene ine sindikanaziganiza.

Masiku ano amayi eni nyumba aja nawonso amaunika ntchito za ena. Yanga yomaliza anaibweza ndi kauthenga kakafupi: "Mwafulumira, mwananga. Werenganinso mzere wachisanu." Ndinali m'minibasi pa Kameza pamene ndinkawerenga. Ndinatsegula mzerewo pafoni, ndipo analondola, ndinali nditadumpha chilembo.