Dokotala wa Mtima ndi Msoko wa pa Mpango

Dokotala wamkulu wa maopaleshoni a mtima pachipatalapa safulumira kuyankha. Achita maopaleshoni oposa zikwi zitatu, ndipo ophunzira awo lero ndi madokotala akuluakulu kwina. Koma namwino amene wagwira nawo ntchito zaka makumi awiri amati masatifiketi awo onse ali m'kabati, pansi pa makapu a tiyi. Akalowa m'wodi sayambira pa fayilo. Amakoka mpando, n'kukhala, n'kufunsa kuti, "Kunyumba mwasiyako ndani?"

Tsiku lina namwinoyo anawaperekeza kwa mayi wina wosoka zovala, yemwe mtsempha wa mtima wake unali utatsekeka. Mayiyo anali atakana opaleshoni kawiri, chonsecho mphamvu zinali kumuthera.

"Adokotala, ine ndasoka zaka makumi atatu," anatero mayiyo. "Msoko ndimaudziwa, umamasuka. Ndiye inu mukandisoke m'kati, mosaonekamo?"

Dokotalayo sanatsutse. Anapempha namwino kuti abweretse singano ndi ulusi. Anatulutsa mpango wawo m'thumba, n'kuung'amba pakati, n'kuyamba kuulumikiza mwakachetechete. Namwinoyo anangoima chilili, akudziwa kuti mayiyu akakananso, kwatha.

Atamaliza anaupereka kwa mayiyo, yemwe anavala magalasi, anautembenuza mpangowo, anaukoka uku ndi uku ndi timphamvu take totsala. Msoko sunasunthe.

"Pakonapa mwakoka ulusi kwambiri," anatero, "koma ntchito ndikanakulembani. Bweretsani pepala lija ndisaine."

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Mayiyo akusokabe, ndipo makasitomala akamamufulumizitsa, amawauza kuti adikire, iye sakupita kulikonse.