Mwala wa tsamba umene unaphulika pa nazale

Anzanga, izi si zongomva kwa anthu ayi, ndinaziona ndi maso angawa kwathu kwa Wimbe, zaka zija tinkakanganirana makuponi a feteleza.

Malemu amuna anga, pokumba chitsime kudambo choti tizithirira nazale ya fodya, anafukula mwala wophwatalala ngati mphero, ndipo pamwamba pake panali tsamba, ndikutitu tsamba lenileni ndi mitsempha yake yomwe, koma lamwala. Ine ndinati tikautaye, zinthu zotere zimakhala ndi eniake, koma amuna mumawadziwa makani, anakauika kuseri kwa chigafa cha fodya. Atamwalira, kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, atamva kwa aphunzitsi a pasukulu yathu. Anaujambula, n'kundiuza kuti mtengo wa tsamba limenelo unafota munthu asanaponde padziko, ndipo ulibe dzina, choncho aupatsa dzina la amene anafukula mwalawo. Koma anati lamulo lawo n'lakuti dzina lotere limatsamira pa mwala umodzi, ndiwo mboni yake, ndiye ndiusunge mpaka adzabwere ndi galimoto. Tangoganizani, bambo woti ankasaina ndi chala, dzina lake kukalowa m'mabuku.

Tsono nthawi yowotcha nazale inakwana. Paja timayala mapesi pabedi la nazale n'kuyatsa kuti tizilombo ndi njere za udzu zife tisanafese. Tsikulo kunali chimphepo, ndiye mkamwini wanga, munthu wabwino koma waphuma, anatenga mwala uja osandifunsa n'kutsindira mapesi. Moto utakolera tinangomva phuu ngati mfuti, zidutswa kuuluka, china kundidutsa pakhutu penipeni. Mkamwini anathawa mpaka kusiya patapata m'dambo. Ine ndinangokhala pansi, mumtima ndikuti amuna anga akwiya, ndipo dzina lawo lapsera limodzi ndi mapesi.

Phulusa litazizira ndinapita kukatolera. Tsamba lija panalibe, linali litasanduka fumbi. Koma zidutswazo zinali zitasendeka ngati mapepala a Baibulo, ndipo m'kati monse munali masamba ena, osanjikizana bwinobwino ngati fodya wa m'belo. Anawasanja ndani? Ankadikira yani m'menemo?

Mayi uja atabwera ndinkalephera n'kumuyang'ana kumaso komwe. Iye anagwada, n'kutola chidutswa chimodzi, kuchitembenuza. Kenako anati, "Amayi, mboni ikafa timasankha ina mwa anzake a pamalo pomwepo. Dzina la bambo silinapse."

Lero ndimakhulupirira kuti pansi pa minda yathuyi pagona nkhalango ina imene Mulungu anadzala n'kukolola ife kulibe, ndipo ndikamalima khasu ndimaliponya mwaulemu. Dzina lija kulitchula limandivuta, analiika kamchira ka chizungu, koma pakati pake amuna anga ndimawamva. Inu mukafukula mwala wa tsamba musautaye, komanso musausiye pamene mkamwini angaufikire.