Kachitsulo Kamene Kadakana Kutseguka

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga adanditcha wabodza pamaso pa anthu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7.

Bambo ankachita matola pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kunyamula amayi ogulitsa tomato ndi kabichi. Galimoto yawo inali pikiapu yakale imene poyamba inkayendera petulo, koma injini yake itatheratu adaikamo ya dizilo yochokera m'minibasi ina imene idachita ngozi. Mapayipi adachita kulumikiza, ndipo geji yoonetsa kutentha siidagwirenso ntchito kuyambira tsiku limenelo. Popeza ndinali mwana woyamba, ntchito yothira madzi m'rediyeta inali yanga. M'mawa uliwonse ndinkatunga madzi pamjigo, kuwasefa ndi kansalu, kenako kukwera pa tayala lakutha kuti ndifikire, n'kuthira mpaka adzaze. Atsikana anzanga ankandiseka, koma ine ndinkainyadira ntchitoyo.

Loweruka lina mu Okutobala ndidapita nawo ku Nathenje. Tili pakati pa chitunda china, nthunzi idatuluka pansi pa boneti, ndipo fungo la labala wopsa lidatipeza kumbuyo komwe tidakhala. Bambo adaimitsa galimoto, nadikira pang'ono, natsegula chivindikiro cha rediyeta ndi chiguduli. Madzi anali atatsika kwambiri. Adandifunsa ngati ndidathira m'mawa, ine n'kuyankha kuti ndidathira.

"Nanga apita kuti? Wandiphera injini, ukuwonjezanso bodza."

Amayi aja, amene tomato wawo ankapsa ndi dzuwa, adavomerezana kuti ana a masiku ano ndi otero. Ndidapita kukaima kutsogolo kwa galimoto kuti asaone misozi yanga, ndipo mosadziwa ndidaika dzanja pa rediyeta. Inali yofunda chabe, pamene injini inkalira ngati chiwaya. Ndidadabwa, koma nditatsegula pakamwa bambo adandiuza kuti ndikhale chete.

Kunyumba sadandikwapule. Adangondilanda chigubu changa, nati kuyambira tsopano azithira okha. Bola akadandikwapula. Patapita masiku atatu, madzi atathira okha, galimoto idawiranso. Ndidaganiza kuti mlandu wanga watha, koma udangokula: bambo adati injini idapserera mkati tsiku lija ndidainamiza, ndiye chifukwa chake sikusunganso madzi.

Adaitana a Gwaza, makaniko wa ku Nathenje amene adaika injiniyo, munthu amene adaphunzira ntchito pa mathirakitala a m'maesiteti a fodya. Adafika pa njinga, masipanala atawakulunga m'thumba la feteleza, koma sadafulumire kuwamasula. Adayang'ana oyilo, napeza kuti sadasakanikirane ndi madzi. Adakoka lamba wa fani, nagwada kufunafuna podontha, osapeza kanthu. Bambo ankafotokoza za ine nthawi yonseyi, a Gwaza akungogwedeza mutu. Kenako adatembenukira kukhonde kumene ndidakhala.

"Mwanawe, iwe unalipo. Unaona chiyani?"

Anali munthu woyamba kundifunsa zimenezo. Ndidafotokoza za rediyeta yofunda ija. A Gwaza adaliza injini, naisiya mpaka idatentha kosagwirika, kenako adapempha bambo kuti agwire payipi yaikulu yopita pamwamba pa rediyeta. Bambo adaigwira osachotsa dzanja. Sinkawotcha.

Injini itazizira, a Gwaza adamasula mabauti awiri pamene payipiyo imayambira, natulutsa kachitsulo kooneka ngati bowa, kokhala ndi sipuling'i ya dzimbiri. Adati dzina lake ndi themositati, ndipo ndi chitseko cha madzi: injini ikakhala yozizira chimatseka kuti ifunde msanga, ikatentha chimatseguka kuti madzi akazizire m'rediyeta. Adandituma kuti ndiike chitini cha madzi pambaula, namangirira kachitsuloko ku waya, n'kukaviika. Madzi adafika pobwadamuka, koma kachitsulo kadangokhala du. A Gwaza adafotokoza kuti madzi akawira m'injini osapeza njira, amabwerera chambuyo n'kutulukira pa kapayipi ka pachivindikiro.

"Achimwene, mwanayu akadathira mtsinje wonse wa Nathenje, zikadachitikabe."

Bambo adangoti ndiye akataye kachitsuloko, monga amachitira madalaivala onse, popeza kadapangidwira mayiko ozizira. A Gwaza adakana. Adationetsa kambale kamene kanali kunsi kwake, nati m'injini ya mtundu umenewu kambaleko kamatseka njira yachidule. Kakapanda kukhalapo, madzi ambiri amangozungulira m'injini momwemo osafika ku rediyeta, ndipo vuto limabwerera pa chitunda choyamba.

M'mawa mwake bambo adakwera minibasi kupita ku Lilongwe. Kusitolo adatchula dzina la pikiapu yawo, ndipo adabwera ndi themositati yaing'ono yopanda kambale. A Gwaza adaseka mpaka kupukuta maso, nawafunsa ngati adaiwala kuti galimoto yawo thupi ndi lina, mtima ndi wina. Bambo adabwereranso ku Lilongwe, ulendo uno atatenga kachitsulo kakale m'thumba kuti akayerekeze.

Themositati yoyenera itafika, a Gwaza sadaikhulupirire chifukwa chongokhala yatsopano. Nayonso idalowa m'chitini, ndipo adandiuza kuti ndisachotse maso. Madzi atangoyamba kutulutsa tithovu, ndidaona kampata kakutseguka pang'onopang'ono, kokwana kulowetsa nsonga ya chala. Adapala dzimbiri pamalo pake, nadula gasiketi yatsopano yotseka polumikizira kuti pasadonthe, naika kachitsuloko kabowo kake kotulutsira mpweya katayang'ana kumwamba. Adamanga mabauti mosinthanasinthana, nathira madzi modekha uku akufinya payipi. Injini italira, adaika dzanja langa pa payipi ija. Idakhala yozizira kwa nthawi, kenako mwadzidzidzi idatentha mpaka ndidachotsa dzanja. Bambo adaona zonsezi ataima potero, manja ali kumbuyo.

Tsiku lotsatira ndidapeza chigubu changa chili pakhomo pa chipinda changa. Bambo anali panja akupukuta galasi. Osandiyang'ana, adandiitana ndi dzina la mfunda, limene anali asanandiitanepo nalo.

"Anaphiri, dzuwa likukwera. Galimotoyi simuithira madzi?"

Mawu akuti pepa sadawanene, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka pamene adatisiya. Kwa zaka zambiri zimenezi zinkandiwawa. Lero ndimaona kuti bambo sanali munthu wankhanza, ndipo zimene adaona zinali zoona: madzi anali atatsika, ndipo wothira madzi ndinali ine. Cholakwa chawo chinali kulumikiza zinthu ziwirizo asanafunse ngati pakati pake panali china chimene maso awo sankachiona. Munthu amene ali pafupi ndi vuto ndiye wosavuta kumuloza, makamaka ngati ali wamng'ono moti sangayankhe.

Panopa ndimayang'anira mapampu pa sikimu ina ya ulimi wothirira. Pampu ikapsa, alimi amafika kuofesi atagwirizana kale kuti wolakwa ndi woiyendetsa, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Komabe sindilemba lipoti ndisanamuitane munthuyo, kumupatsa mpando, ndi kumufunsa funso la a Gwaza lija: inu munalipo, munaona chiyani? Ndimadikira yankho ngakhale lichedwe, chifukwa ndikudziwa mmene mawu amavutira kutuluka pakhosi pa munthu amene aweruzidwa kale.