Vidiyo ya Kwaya Mpunga Usanache

Sukulu ndinasiyira Folomu 3. Chifukwa chake musandifunse, ndinatopa nako kufotokoza. Chomwe muyenera kudziwa n'chakuti kumudzi kwathu ku Bwanje, kumunsi kwa Sharpevale, munthu wosiyira Folomu 3 amakhala wophunzira anthu akafuna wowawerengera pepala la kuchipatala, koma amasanduka mbuli akangofuna kunenapo maganizo ake.

Achemwali anga ali ndi mwana wamkazi, woyamba kubadwa. Chaka chimenecho ankabwereza Sitandade 8. Bambo ake anapita ku Joni kalekale, ndipo foni yawo inasiya kulowa. Tsiku lina achemwali ananena tonse tikumva kuti mwanayo akapanda kusankhidwa kupita ku sekondale ulendo uno, apita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba. Kunali kale mayi wina kumeneko, mbale wa mnzawo wa kumpingo, amene ankafuna mtsikana womulerera mwana. Achemwali sananene mwaukali. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti mvula ikachedwa tidzala mbatata.

Ine ndinati ndimuphunzitsa. Palibe anandipempha. Ndinangoona kuti pabanja pathu wolephera mmodzi ndi wokwanira, ndipo malo amenewo ndinali nditatenga kale ine.

Aphunzitsi ake anandiuza kuti masamu amayesetsa, koma pa kalata ndi chimangirizo amalemba mizere iwiri itatu, n'kuyamba kuluma cholembera. Choncho ndinayambira pa kalata. Ndinatenga chitseko chakale n'kuchitsamiritsa pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba, makala n'kukhala choko. Madzulo aliwonse akaweruka ankabwera ndi anzake angapo. Makolo a anzakewo ankawatumiza osati chifukwa chondikhulupirira, koma kuti asamakaime pamsika.

Pamsikapo pali anyamata oika nyimbo m'mafoni. Ali ndi sikirini yoyang'ana kumsewu, ndipo kuyambira m'mawa amaonetsa mavidiyo a nyimbo, zauzimu ndi zachikunja mosakaniza. Ana amaima pamenepo zikwama zili kumsana, kukamwa kuli yasa, mpaka wina adzawathamangitse. Akabwera kwa ine thupi linkakhala pansi pa bwemba, mapazi akuvina m'fumbi.

Ndinalemba keyala pamwamba pa chitseko, mbali ya kumanja.

"Amalume, keyala ndi yachiyani?" anafunsa mwana wa achemwali.

"Kuti wokuyankha adziwe kokupeza."

"Osangoimba foni bwanji?"

"Pamayeso udzaimbira ndani?"

Kamnyamata kena, kamutu waukulu, kanakweza dzanja ngati kali m'kalasi yeniyeni. "Ticha, inuyo munalandirapo kalata?"

"Ayi."

"Nanga munalemberapo munthu?"

"Lemba keyala, usandiwawitse mutu."

Anaseka onse. Zoona zake n'zakuti kamnyamatako kanali ndi mfundo. Agogo athu aamuna anagwira ntchito kumigodi ku Joni, ndipo amati makalata awo ankawerengedwa pakhonde mudzi wonse utasonkhana. Ife tinakula osaona ngakhale sitampa. Ndinkaphunzitsa ana chinthu chimene ine ndemwe ndinangochiona pabolodi. Koma chimabwera pamayeso, ndipo amene amakonza mayeso safunsa maganizo a anthu a ku Bwanje.

Milungu ingapo inapita popanda chosintha. Malonje ankalemba bwino: ndili bwino, kaya inu kumeneko. Akafika pa thunthu la kalata, zii. Ndinkakalipa. Ndine wosachedwa kupsa mtima, sindibisa. Tsiku lina ndinaponya khala pansi n'kuwafunsa kuti m'mitu mwawo muli chiyani, ngati simuli ngakhale nkhani imodzi youza mnzako. Mwana wa achemwali anayankha mosaopa kuti muli nyimbo.

Ndiye ndinati chabwino, tiyeni ku nyimbo zanuzo.

Za mavidiyo ndinkadziwako pang'ono, chifukwa ndinakhalapo m'kwaya ya kumpingo kwathu, ndipo ndinali nawo pamene tinajambula vidiyo yoyamba. Ndinavala jekete yobwereka yonunkha mankhwala a njenjete. Tinaima padzuwa la ku Bwanje tsiku lathunthu, sipika ikuimba nyimbo yomwe tinali titajambula kale ku situdiyo, ife tikungoyendetsa milomo. Wojambula ankati bwerezani, bwerezani, wina wayang'ana kumbali. Mayi wina anakomoka. Vidiyo itatuluka, ine ndinaoneka phewa lokha.

Tsiku lotsatira ndinabwera ndi foni yanga yong'aluka galasi. Ndinatsegula vidiyo ina ya woimba wa m'tauni, n'kuchotsa mawu onse. Ana anaunjikana mitu pamodzi.

"Yang'anani milomo yake," ndinatero. "Sakuimba. Akungotsatira sipika. Galimoto iyo waitsamirayo, mwamuonapo akuiyendetsa?"

"Ayi."

"Si yake. Onani nambala aiphimba. Nyumba iyo ndi malo ogona alendo, akangomaliza awatulutsa. Atsikana akuseka awo aima pamenepo kuyambira m'mawa, njala ili m'mimba, ndipo akuseka chifukwa wina kuseri kwa kamera wakuwa kuti sekani."

Ndinawauza zonse, za jekete, za mayi wokomoka, za phewa langa. Ndinkafuna aone kuti zimene amaimirira pamsika ndi bodza losokedwa bwino. Kenako ndinati aliyense alembere kalata mnzake wa kutali, amufotokozere mmene vidiyo ya nyimbo imapangidwira.

Tsiku limenelo kunali chete pansi pa bwemba. Mwana wa achemwali anadzaza tsamba lonse n'kutembenuza. Ndime zinali m'malo mwake. Anafotokoza za sipika, za dzuwa, za kubwereza, mwadongosolo kuposa mmene ndinanenera ine. Ndinawerenga ndili chiimire, ndipo kwa nthawi yoyamba chisiyireni sukulu ndinadzimva kuti ndine munthu wa ntchito. Sabata yotsatira tinalowa kalata yantchito: makeyala awiri, mutu wodula mzere kunsi, mawu aulemu, osachulutsa nkhani. Anaigwira msanga kuposa anzake onse.

Chimene sindinaganize n'chakuti mwana uja sanamve zimene ndinkafuna amve. Ine ndinati mavidiyo ndi bodza. Iye anamva kuti mavidiyowo safuna galimoto yako, nyumba yako, ngakhale mawu abwino. Munthu wamba wa ku Bwanje akhoza kulowamo, bola aime bwino ndi kuvina.

Lamulungu lina titaweruka, mkulu wa kwaya anandiitana. Ndi bambo wansangala, amakonza njinga pamsika, ndipo sindinganame kuti ndi munthu woipa. Anali atanyamula pepala la m'kope, akumwetulira.

"Aphunzitsi athu! Bwerani ndikugwireni chanza. Mwagwira ntchito, achimwene."

"Ntchito yanji, bambo?"

"Mwana wa achemwali anu watilembera kalata yopempha malo mu vidiyo yatsopano. Taonani! Keyala yake, keyala yathu, mutu wadula mzere. Anzakewa amangobwera n'kudzaima pakhomo ngati mbuzi zofuna madeya. Uyu walemba ngati wofunsira ntchito ku boma. Komiti yonse yaomba m'manja. Timuika kutsogolo."

Ndinaiwerenga. Inalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndikanakhala wochonga mayeso ndikanaipatsa malikisi onse.

"Mujambula liti?" ndinafunsa.

"Mwezi wamawa. Tiyamba kukonzekera mawa lomwe, madzulo aliwonse."

"Bambo, mwanayu mayeso ali pafupi. Bwanji mujambule akamaliza?"

"Aaa, sizingatheke. Wojambula akufuna mpunga wa musikimu yathu ya ulimi wothirira uli wobiriwira. Akuti ukangoyamba kucha, pa sikirini umaoneka ngati tchire. Ndiye akakolola mutsala ziputu ndi ng'ombe. Mayeso akamatha, mpunga uli m'matumba."

"Jambulani m'tchalitchi."

"Kwaya iliyonse imajambula m'tchalitchi, achimwene. Ife Mulungu anatipatsa sikimu. Ulendo uno kubweranso kandege kojambulira m'mwamba." Anandigwira phewa. "Ndi wanzeru mwanayu, akhoza ndithu. Si mwamuphunzitsa inu?"

Ndinapita kwa achemwali. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde.

"Achemwali, mwanayu asalowe za vidiyozi. Adikire mayeso."

"Ndiye ndikanene kumpingo kuti mwana wanga asaimbire Mulungu chifukwa malume ake akana?"

"Sindinati asaimbe. Ndati adikire."

"Iwe unali m'kwaya yomweyo. Anakuletsa ndani?"

"N'chifukwa chake ndikunena."

"Sukulu unasiya chifukwa cha kwaya?"

"Ayi."

"Basi. Usandisokoneze." Anapitiriza kusankha nyemba, kenako anawonjezera osandiyang'ana: "Mwanayu chibadwire palibe anamusankhapo pa chilichonse. Lero amusankha, ndimuletse ine?"

Ndinawasiya akusankha nyemba zawo. Ndinayesanso kwa mkulu wina wampingo amene anali mphunzitsi kale. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndi bwino achinyamata kukhala ndi chidwi pa maphunziro, ndipo ine ndemwe ndiganizire zobwerera kusukulu. Ndinachoka ndisanatukwane.

Kunatsala mwana mwini wake. Ndinamupeza akuchokera kumjigo.

"Ukudziwa zimene amayi ako ananena. Ukapanda kusankhidwa, ukupita kukachapa matewera a mwana wa eni."

"Ndikudziwa, amalume. Ndiziwerenga m'mawa."

"M'mawa umatunga madzi."

"Ndiziwerenga ndikabwera ku kwaya."

"Ukabwera ku kwaya umagona ngati mtembo."

"Inu munaoneka phewa lokha," anatero, ndowa ili pamutu. "Ine andiika kutsogolo."

Sananene mwachipongwe. Ankangondiuza kusiyana kwake.

Kuyambira pamenepo pansi pa bwemba panayamba kuchepa anthu. Atsikana anzake anamutsatira ku tchalitchi kukaonerera. Kanatsala kamnyamata kamutu waukulu kaja, ndipo nako tsiku lina kanandiuza kuti ticha, tikhala awiriwiri ngati chibwenzi, bola tiyambirenso akajambula. Ndinkakhala ndekha pafupi ndi chitseko chija, ng'oma ndi kiyibodi zikumveka kuchokera kutchalitchi, nyimbo imodzimodzi kubwerezabwereza mpaka dzuwa kulowa. Nthawi zina ndinkamugwira Loweruka m'mawa, n'kumupatsa masamu angapo. Ankalemba akuyasamula.

Tsiku lojambula ndinapita. Ndinati sindipita, koma ndinapita. A kwaya anawaimika pamizere ya pakati pa minda, mayunifomu atsopano akuwala, mpunga uli biriwiri mpaka kumapiri. Sipika inaikidwa pa njinga. Kandege kaja kanauluka, ana a m'midzi yonse akukathamangira, alimi akukalipa kuti mutipondera mpunga. Mwana wa achemwali anali kutsogolo, pakati penipeni. Ndinena zoona ngakhale zimandiwawa: ankavina bwino kuposa wina aliyense. Wojambula akati bwerezani, anzake ankadandaula, iye ankangopukuta thukuta n'kubwerera pamalo pake. Sindinamuonepo akulimbikira chinthu chotero. Achemwali anaima pambali panga, chitenje atagwira pakamwa, misozi ikutsika.

Atamaliza kujambula panatsala nthawi yochepa kwambiri. Tinayesa kuthamanga, koma sayansi ndi masamu sizilowa mothamanga. Analemba mayeso. Anati kalata inabwera, ndipo anailemba bwino. Zinazo sananene.

Zotsatira zitatuluka, anakhoza koma sanasankhidwe. Ndisanamize munthu: mwina zikanatero ngakhale akanapanda kuvina. Ana ambiri amene sanaponde n'komwe ku kwaya nawonso sanasankhidwe, malo ndi ochepa. Sindidzadziwa. Chimenecho ndicho chimandidya, kuti ndilibe ngakhale munthu woti ndimuloze chala ndi mtima wonse.

Ndinapempha achemwali kuti abwerezenso kamodzi. Anati msinkhu wapita, ndipo anamulonjeza kale mayi wa ku Lilongwe uja. Ndinapemphanso tsiku lina, ndi linanso. Pomaliza anangoti, "Ukufuna adzakhale pakhomo pano ngati iwe?" Ndinasiya.

Tsiku lonyamuka ndinamukweza pa njinga kupita naye kumsewu, chikwama chake chili pamiyendo. Titafika pamsika, anyamata oika nyimbo aja anali akuonetsa vidiyo ya kwaya yathu, ndipo ana ena anamuzindikira n'kuyamba kumuloza. Iye sanayang'aneko. Anaima pafupi ndi ine, atagwira chishalo cha njinga.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "mukalankhule nawonso amayi. Ndikagwire miyezi ingapo, sukulu ikamatsegulira ndibwere. Ulendo uno ndidzawerenga."

"Ndikalankhula nawo."

"Mukanene bwinobwino, osakalipa. Mukakalipa samva."

"Ndamva."

Minibasi inabwera, kondakitala n'kulanda chikwama asanafunse n'komwe kumene akupita. Ndinamuuza kuti mwanayu akatsike m'depoti, kuli womudikira. Anati osadandaula bigi, afika. Anamukankhira mkati, pakati pa thumba la mpunga ndi bambo wina wonenepa, moti sindinathe kumuona nkhope galimoto ikunyamuka.

Pobwerera ndinakonza mawu njira yonse. Ndinkati ndiyamba mofatsa, ndinena za miyezi ingapo, ndinena kuti mwini wake wapempha. Ndinapeza achemwali akupeta mpunga pabwalo. Ndinaima patsogolo pawo, njinga ndili chigwirire.

"Wakwera?" anafunsa.

"Wakwera."

"Wapeza pokhala?"

"Wapeza."

Anauzira mankhusu pa lichero. Ndinatsegula pakamwa, koma anali atayamba kale kulankhula.

"Kaike njingayo pamthunzi, matayala angaphulike. Ukabwere undithandize kuthira mpungawu m'thumba."

Ndinakaika njinga pamthunzi, n'kubwera kudzagwira thumba.