Chilimwe Chimene Bambo Anali Gulumu

Ndikamva fungo la njerwa zikupsa, ndimaona mayi anga ataima pambali pa uvuni, nsalu atamanga m'chiuno, nkhope itada ndi utsi, akukankhira chipika pamoto ndi manja awo. Kwathu ku Lirangwe ntchito imeneyo inali ya amuna. Koma chilimwe chimenecho pakhomo pathu panalibe mwamuna, ndipo mudzi wonse unkati ukudziwa kumene mwamunayo anali ndi zimene ankachita.

Bambo anapita ku Joni matipate atangobwera kumene. Anatisiya m'nyumba yaudzu, mayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, atalonjeza kuti adzabwera ndi malata. Katundu ankatumiza kudzera mwa Che Yusufu, wamalonda wa ku Chigaru amene ankayendayenda pakati pa Joni ndi kuno. Tinalandira mabulangete onunkhira sitolo, wailesi, nsapato zasukulu. Uthenga wake unali umodzimodzi: a Bauleni ali bwino, akuyendetsa galimoto ya kampani. Ine ndinali Sitandade 5, ndipo posewera fulaye sindinkalola kuti mtsikana aliyense aiwale kuti bambo anga ndi dalaivala. Chaka chimenecho anatumiza mawu oti tiumbe njerwa, abwera mvula isanagwe. Tinatunga madzi mpaka makosi kuuma, tinaponda dothi mpaka zidendene kung'ambika, njerwa n'kudzaza bwalo.

Inalinso nyengo ya maukwati. Loweruka lililonse kwinakwake kunkalira zimkuzamawu, ndipo ife ana tinkalondola phokosolo pafumbi lotentha kuti tikatoleko maswiti pa perekaniperekani. Woyendetsa mwambo ankakuwa kuti tiombere m'manja bulayidi ndi gulumu. Choncho ngakhale mwana wolephera Chingerezi m'kalasi ankadziwa kuti gulumu ndi mkwati.

Che Yusufu tinakumana nawo pamsika, ine nditasenza dengu. Anapatsa mayi kaphukusi, n'kunena kuti ulendo uno sanaonane ndi bambo. Kaphukusiko anachita kupatsidwa ndi anyamata akumudzi, amene anawauza kuti a Bauleni anasamukira kufamu ina kunja kwa tauni.

"Akuti ndi gulumu wa mayi wina wachizungu," anatero, maso ali pansi.

Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitana makasitomala. Mayi anga anagula mchere, n'kundiuza kuti tizipita. Njira yonse ankayenda patsogolo panga osatembenuka, ndipo ndinkangoona thukuta likutsika pamsana pa bulauzi yawo.

Pofika Lamulungu, mzunguyo anali atapatsidwa msinkhu, galimoto ndi nyumba yosanja. Tikafika pamjigo, nkhani inkaduka, n'kutsala kulira kwa chitsulo. Amayi a mpingo ankabwera kudzapepesa ngati pagwa maliro, akumati mapanga awiri avumbwitsa, mwamunayo adzaziona yekha. Ndege ikamatsika kulowera ku Chileka, anzanga ankaloza kumwamba n'kumati abambo ako awo ndi amayi ako aang'ono. Ndinkawatukwana, komabe ndinkayang'ana m'mwambamo mpaka ndegeyo itabisika.

Malume, amene anali nkhoswe ya mayi, anapalasa njinga kupita ku Kuntaja kwa abale a bambo. Kumeneko anapeza anthu akusangalala. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anawauza kuti mwana wawo wagwa m'mwayi, ifenso tisadandaule chifukwa tidyerako. Mawa lake malume anatenga njinga ya bambo, khasu lawo ndi jekete yawo yakutchalitchi, n'kukazisiya ku Kuntaja, kutanthauza kuti ukwati watha. Telefoni yoti n'kuwaimbira bambo panalibe, ndipo palibe amene anaganiza kuti pali choti n'kufunsa. Sabata yomweyo mayi anapanga uvuni n'kuuyatsa. Amuna oyandikana nafe atabwera kudzathandiza, anawabweza. Anati nyumbayo imangidwa ndithu, ngakhale idzafoleredwe ndi udzu.

Bambo anafika mvula yoyamba itagwa, ngumbi zikuuluka. Sanabwere pandege. Galimoto ya matola inawatsitsa pamsewu, ndipo anyamata awiri anawakankha panjinga mpaka pakhomo. Ndinali kusesa. Ndinaona munthu wowonda, mwendo utakulungidwa nsalu zakuda ndi litsiro, mano akutsogolo mulibe, kachikwama kamodzi pamiyendo. Ndinawazindikira atanditchula dzina. Tsache linagwa lokha.

Anthu anadzaza bwalo bambo asanatsike n'komwe panjingapo. Malume anaima pakhomo la nyumba n'kuwafunsa kuti mkazi wawo amusiya kuti. Bambo analoza mayi, osamvetsa funsolo. Atawafotokozera zonse, za pamsika, za ku Kuntaja, za njinga, bambo anaphimba nkhope ndi manja.

"Gulumu ndi dzina la ntchito," anatero. "Ndinkasamalira mahatchi a mayi ameneyo. Galimoto sindinayendetsepo."

Zotsalazo anazinena pang'onopang'ono, mawu akuthawira m'mipata ya mano. Ankagona m'kachipinda kogundana ndi khola. Ankawola ndowe, kusambitsa nyamazo, kuzipesa ubweya ndi kuzichotsa miyala kumapazi. Anachita manyazi kutiuza, iwo amene kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Tsiku lina hatchi inadzidzimuka n'kuwaponda mwendo, n'kuwamenya kukamwa. Atatuluka m'chipatala anapeza ntchito yawo atapatsa wina.

Ine ndinkayembekeza kuti anthu alira, kapena apepesa. Kumbuyo kwa gululo munthu wina anaphulika ndi kuseka, enanso n'kutsatira. Munthu wamkulu kupita Joni yense uja kukasambitsa nyama! Anthu anabalalika msanga, ngati anyengedwa pa chinthu chimene anachiyembekezera kwa nthawi yaitali. Ndinaima pomwepo ndikuyang'ana nkhope za anthu amene dzulo lake ankatipepesa.

Mayi sanaseke. Anauza malume kuti achoke pakhomo, n'kutembenukira kwa bambo.

"Bodza la ukwati si lanu," anatero, "koma la galimoto ndi lanu. Lowani."

Kwa masiku ambiri sanawalankhule, koma m'mawa uliwonse ankafunditsa madzi, n'kuwatsuka bala, n'kuwameta ndevu. Abale a ku Kuntaja, amene ankanyadira mlamu wachizungu, anatenga milungu asanabwere kudzazonda, ndipo njinga ija sanabweze. Kusukulu anyamata ankalira ngati bulu ndikamadutsa, poti hatchi anali asanaionepo. Bambo anachira koma anatsimphina mpaka imfa yawo, ndipo ukulu wa mpingo sanaubwererenso.

Nditakula ndinakafufuza mawuwo m'dikishonale yaikulu. Azungu amalemba groom. Kalekale ankatanthauza mnyamata, kenako mnyamata wantchito, kenako wosamalira mahatchi, ndipo m'menemo munatuluka tanthauzo la kupesa ndi kukonza thupi. La mkwati linachita kulowerera: panali mawu ena akale otanthauza mwamuna, amene ataiwalika anthu anawasokoneza ndi awa chifukwa ankamveka mofanana. Ndinatseka bukulo ndikuganiza za bambo, munthu wa imvi, atate wa ana awiri, amene dzina la ntchito yawo linachokera ku mawu oti mnyamata.

Masiku ano nkhani ngati iyi ingathe ndi foni imodzi dzuwa lisanalowe. Koma sindikhulupirira kuti foni ikanasintha zimene ndinaona pabwalo lija. Munthu wosiya mkazi ndi ana n'kukakwatira kwina, mudzi unali wokonzeka kumulandira ndi nthungululu. Amene unalephera kumukhululukira ndi uja anawola ndowe kuti ife tivale nsapato.