Udzudzu wa mu tivi ya amayi a saluni

Amuna anga ndi okonza mativi, ndipo makani awo, abale inu, ndi osasimbika. Ine ndimasoka zovala pakhonde lomwelo pamene pali benchi lawo, ndiye zonse ndimaziona ndi maso angawa. Khondelo ndi la amayi a saluni, anangotibwereka potimvera chisoni.

Ntchitoyi amuna angawo anayambira pa mawailesi, tisanakwatirane n'komwe. Mita yoyezera magetsi ali nayo, koma imangogona m'dirowa. Chida chawo chenicheni ndi kamtengo kouma kamene sikachoka m'thumba la shati. Nsonga amaigunditsa pa kachipangizo ka m'kati mwa tivi, mbali inayo amakanikiza pakhutu, n'kutsinzina. Akatsegula maso amaloza: "Wodwala ndi uyu." Anthu ankaima kumaonerera, nawo mutu unakula.

Tsono tivi ya amayi a saluni inazima. Bambowa anatsegula kumbuyo, napeza makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, atatupa pa bolodi yolandira magetsi, nawasintha. Chithunzi chinabwera mwaa. Koma mawa lake amayi aja anatulukira ataiyangata.

"Bambo, mwaikamo chiyani umu? Ikungolira tsiii ngati udzudzu. Makasitomala anga mutu ukuwawawa."

Bambowa anaiyatsa, natchera khutu. "Palibe chikulira apa, mayi."

Ine ndili pa mashini anga ndinkaumva bwinobwino, kaphokoso kobaya m'mano. Ndinati, "Bambo a ana, ikuliradi."

"Iwe soka."

Iwe soka! Pamaso pa anthu! Mumtimamu munali moto.

Anayamba kunamizira zinthu. Mwina ndi soketi ya m'saluni. Mwina ndi makina oumitsira tsitsi. Anasintha chingwe, naibweza. Inabwereranso. Ulendo umenewo anafika ponena kuti azimayi akachulukana amamva zinthu zoti kulibe. Amayi a saluni anagwira m'chiuno.

"Ndiye wabodza ndine? Chabwino. Ikapanda kusiya kulira, mawa ndisalione benchi lanuli pakhonde panga. Ndi mashini omwe!"

Mwamva? Ndi mashini anga omwe, ine wosalakwa.

Atachoka, bambowa anatsegulanso kumbuyo, naiyatsa, natulutsa kamtengo kaja. Anagunda apa, nagunda apo, maso ali chitsinzinire. Anamaliza bolodi yonse osaloza paliponse. Anayambiranso. Pamenepo zinthu zinayamba kundibwerera m'maganizo. Foni ikaitana m'thumba mwawo, amayankha mochedwa. Wailesi kunyumba amaikweza mpaka aneba kudandaula. Ndikawaitana ndili kukhitchini amangoti duu, ine n'kumati ndi mwano.

"Munayamba liti kusamva?" ndinawafunsa.

Anapitiriza kugunda ngati sanandimve. Ndinakuwa, "Ndati munayamba liti?"

"Mawu a anthu ndimamva," anatero chapansipansi. "Timaphokoso tating'onoti ndiye tinapita kalekale."

Kalekale! Munthu ukugona naye nyumba imodzi, akukubisira chinthu chotere, n'kulolera kumutcha kasitomala wabodza, kulolera tithamangitsidwe, bola anthu asadziwe kuti khutu lija latha. Ndinawakalipira mpaka mawu kusasa. Kenaka ananditambasulira kamtengo.

"Gwira kumapeto kwenikweni. Dzanja linalo ika kumbuyo. Magetsi a pamenepa amapha."

Ndinakalanda mwaukali. Iwo ankaloza, ine n'kumagunda. Pa makapasita atsopano panali zii. Nditafika pa kachinthu kokulungidwa ndi waya wamkuwa, udzudzu uja unandilowa m'mutu, ndipo nditakanikiza pang'ono unasintha mawu.

"Ndi aka!"

"Koyilo," anatero. Anazula pulagi, nadikira kuti magetsi otsalira athe, nakayang'anitsitsa. Guluu wakale wogwira wayayo anali atang'ambika, mwina pamene ankatukula bolodi tsiku loyamba, ndiye waya ankanjenjemera. Anathira guluu wina bwinobwino, tinadikira kuti aume, ine ndikupitiriza kuwanena.

Anayatsa. Chithunzi chinabwera, koma iwo sanayang'ane tivi. Anayang'ana nkhope yanga.

"Yasiya?"

Munthu amene anthu ankamuimirira kumuonerera, akufunsa ine wosoka.

"Yasiya," ndinatero.

Anapukuta kamtengo kaja pa shati. M'thumba sanakabwezere. Anatsegula dirowa ya mashini anga, nakaika pambali pa sizasi.