Chilonda Chimene Ndinabisira Mkamwini Wanga

Chaka chimene ndinadwala, m'nyumba mwathu ku Lilanda tinalimo anthu atatu: ine Esinati Phiri, mkamwini wanga a Zulu, amene anakwatira mwana wanga Mervis, ndi mdzukulu wanga Taonga, wa zaka zitatu. Panalinso galu, dzina lake Tayiga. Mervis panalibe. Fakitale imene a Zulu ankagwirako ntchito itagulitsidwa, antchito nkuchotsedwa, Mervis anayamba kupita kumalire ku Nakonde kukaoda zovala, ndipo ulendo umenewo anakakhalitsa podikira katundu.

Zinayamba Lolemba lina m'mwezi wa February. Ndikupatsa galu chakudya, iye anadumpha ndi chimwemwe, unyolo wake nkundikanda pantchafu, m'mwamba ndithu. Ndinatsukapo ndi madzi amchere. Pofika Lachisanu panali patatupa ndi kutentha. Mlungu wachiwiri panayamba kutuluka mafinya, ndinkazizidwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo ludzu silinkatha.

Sindinauze munthu. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, ndipo za thupi satchulirana. Zaka zonsezo tinkalankhulana kudzera mwa Mervis. Iye atachoka, mawu athu ankanyamula ndi Taonga. Anzanga a msinkhu wanga anali atabwerera kumudzi amuna awo atachotsedwa ntchito, ndipo m'nyumba zawo munalowa anthu amene sindinkawadziwa. Chotero masana ndinkakhala pakhonde ndi mwana ndi galu, ndikudziuza kuti Mervis afika mawa.

A Zulu ankathamanga m'mawa uliwonse, kudzera ku Matero mpaka pachipata cha fakitale yawo yakale, nkubwerera. Sanali munthu wa mipikisano. Anyamata a pamalo okwerera minibasi ankawaseka kuti akuthamangitsa ntchito imene inawathawa. Munthu wothamanga amadziwa mayendedwe a mwendo, ndipo anaona kuti ndikutsimphina. Anatuma Taonga kudzafunsa. Ndinamuyankha kuti ndi nyamakazi ya nyengo ya mvula. Mawa lake mwanayo anabwera atagwira ndi manja awiri kabotolo ka mankhwala amene bambo ake ankapaka m'miyendo akathamanga. Ndinathokoza, nkukaika pansi pa bedi. Ndinanamiza mwana wa zaka zitatu kuti akanamize bambo ake, ndipo ndinkayesa kuti ndikusunga ulemu.

Lachitatu la mlungu wachitatu ndinalephera kudzuka. Taonga anakhala pansi pachitseko akulira phala, galu akuuwa panja. A Zulu atabwera kothamanga anaima kuseri kwa chitsekocho, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula ndi ine popanda mkhalapakati.

"Amayi, mundikhululukire. Sindichoka pano kufikira mutandiuza."

Ndinayankha kuti, "Pali chilonda, pamalo poti inu simungaone."

Sanafunsenso china. Anathamanga kupita ku komboni ya George kukatenga mayi Tembo, a mpingo wathu, amene anandisambitsa ndi kundiveka. Kukiliniki anangoona kamodzi nkundilembera kalata ya kuchipatala chachikulu. Kumeneko ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Atandiyeza magazi, dokotala anati ndili ndi matenda a shuga, nchifukwa chake chilonda sichinkapola, ndipo ndikanachedwa masiku ena ochepa tikanakambirana zodula mwendo. Nesi amene anatsuka chilondacho anandiyang'ana nati m'chilankhulo cha m'tauni, "Ba mbuya, muli na sukulu imwe. Manje vinthu monga ivi mubisa chifukwa chani?"

Ndinagona m'chipatalamo pafupifupi milungu itatu. M'mamawa ankatiyeza kutentha kwa thupi, kenaka jakisoni, kenaka kutsuka chilonda, kumene kunali kowawa kuposa zonse. Ana aang'ono sankaloledwa, choncho Taonga sindinamuone. Nthawi ya alendo ikakwana, pabedi lililonse pankadzaza abale, koma panga pankakhala mpando wopanda munthu. Ndinkatembenukira kukhoma. Chakudya changa chinkafika masana aliwonse m'manja mwa nesi, ndipo ndinkaganiza kuti akutumiza ndi amayi a kumpingo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi nesi uja anandifunsa kuti mwamuna amene amafika ali thukuta lokhalokha, chikwama kumsana, ndi ndani wanga. Anati amasiya mwana kwa mayi Tembo, amathamanga kuchokera ku Lilanda ndi chakudyacho, nkuima pakhonde mpaka belu lotsekera nthawi ya alendo litalira, koma akamuuza kuti alowe amakana. Ndinati ndi mkamwini wanga. Ankaopa kundiona nditagona.

Ndinalingalira masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinafunda bwino chitenje, nkupempha nesi kuti awalowetse. Anakhala pampando uja atayang'ana kuzenera. Anandiuza kuti Taonga amakana kudya mpaka ataona galu akudya. Ine ndinawafotokozera ndi pakamwa panga zonse zimene dokotala ananena: mankhwala, zakudya zoletsedwa, ndi zizindikiro zoti akaziona asadikire kuti ndinene. Anamvetsera ndi kubwereza chimodzichimodzi kuti asaiwale.

Mervis anafika nditatuluka kale. Analira, kenaka anandikalipira, ndipo sindinamuletse. Lero mwendo wanga ulipo. Ndimayenda ndi ndodo, ndimamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo mwezi uliwonse ndimapita kukiliniki. Ine ndi a Zulu sitidyerabe pamodzi, ndipo iwo amagwadabe akamandipatsa moni. Koma m'mawa uliwonse asanapite kothamanga amaima pachitseko kufunsa mmene ndadzukira, ndipo ndimawauza zoona.

Kwa amayi anzanga ndikuti, chilonda chikapitirira masiku atatu chisakuuma, pitani kuchipatala, ndipo uzani amene muli naye pafupi, ngakhale akhale mkamwini. Mervis, pepalali ulisunge pamodzi ndi makadi anga a kuchipatala. Taonga akadzadziwa kuwerenga udzamupatse, adzadziwe kuti uthenga umene ndinamutuma tsiku lija unali wabodza, ndi kuti ndikupepesa.